Ndege ya Saidi siitenga mwezi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Chiuta tilipo. Chinangwa cha m'munda mwanu chachita bwino, ngakhale nguluwe zadyako mbali ya kudambo. Mkazi wa mwana wanga Amadu wabereka mtsikana. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengera mwini dzina. Nyumba ija tinaipeza yopanda denga pobwerera kuchokera ku Malawi tsopano tafolera.

Chandilembetsa ndi mwana wanu Saidi. Mdzukulu wanu Asiyatu, mwana wanga wamkazi uja, wapeza mwamuna, msodzi wa ku Amaramba, waulemu wake. Akuchimuna abwera kawiri, kawiri konse ndawabweza, poti mwini mbumba ndi Saidi, malume ake a Asiyatu, ndipo Saidiyo ali ku Lizibowa, mzinda wa azungu kutsidya kwa nyanja. Ndinamulembera. Yankho ndi lomwe lija anapereka pa sadaka yanu, lakuti n'kutali, ulendo wake si wamasewera.

Ine ndinkakhulupirira, Amayi. Ndinkayesa kuti wochokera kumeneko amayenda mwezi wathunthu. Ndiye sabata yatha ndinafunsa apulofesolo, aphunzitsi a pasukulu pano, amene anakaphunzirako. Akuti kuchokera pabwalo la ndege la Lizibowa kufika pa la Maputo ndi makilomita oposa zikwi zisanu ndi zitatu, koma ndege imangotenga maola khumi ndi limodzi. Ukanyamuka utaswali m'mawa, tsiku lomwelo ukagona ku Maputo. Ndinawafunsa kawiri poopa kuti akundiseka. Ife pothawa nkhondo tinatha masiku atatu m'mabango, inu muli kumsana kwa Amadu, chonsecho Malawi tikumuona ndi maso.

Apulofesolo anamuikira kumbuyo, ati ulendo weniweni umayambira ku Maputo: galimoto, sitima ya ku Cuamba, kenako njinga. Chabwino, tiwonjezerepo sabata. Nanga chibwerere mtendere, masabata apita angati?

Mtima wanga sukukhazikika. Makalata ake afupika. Za mzikiti salembanso, ndipo kuseri kwa envulopu dzina munam'patsa lija lasowa, pali Sérgio. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ine fupa limeneli ndayamba kulinunkhiza, ndipo zikundiwawa.

M'kalata yomaliza wapempha chithunzi cha manda anu, kuti azikuonani ali komweko. Ndakana. Ndamuuza kuti akuchimuna sindiwabwezanso kachitatu. Mvula ikatha iye asanafike, ukwati auyendetsa Yusufu wa amayi aang'ono, ndipo Asiyatu azidzagwadira ameneyo ngati malume ake. Manda akawafuna abwere, ndikamulozera ndekha ndi chala.

Mundikhululukire ngati ndaumitsa mtima pa mwana wanu wokondedwa. Ndikulonjeza kuti akafika sindimukalipira pakhomo. Ndimutenthetsera kaye madzi osamba, adye, mafunso pambuyo. Akapanda kufika, ndidzabwera ndekha kumanda kudzakuuzani, ndipo sindidzakubisirani kanthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu