Akukusungani Ndani?

Lolemba, 9 Juni

Ndinapita ku ofesi ija yolipirira akuluakulu ofuna kubwerera kusukulu kukaphunzira ntchito ina. Ine ndikufuna yokonza mafuriji, poti yanga yotsuka zithunzi inafa kalekale, aliyense akungojambula pa foni. Pa benchi ndinakhala ndi ana amsinkhu wa mwana wanga, akutafuna chingamu ngati mbuzi. Pa zenera pali mayi wa zikhadabo zitalizitali zofiira, ndamutcha Zikhadabo. Anafunsa osandiyang'ana n'komwe: "Akukusungani ndani?" Ndinati achimwene anga. Nanga ndikanati chiyani? Ndimagona m'nyumba mwawo, ndipo munthu woleredwa bwino sanena kuti ndimadzisunga ndekha.

Lachinayi, 12 Juni

Andikana. Zikhadabo akuti poti ndikusungidwa, amayang'ana malipiro a wondisungayo, ndipo a achimwene ndi onenepa. Ndinati mayi, ujatu unali ulemu chabe. Iye akuti, "Kompyuta sidziwa ulemu."

Njira yatsala imodzi: mwini nyumba abwere yekha, anene ndi pakamwa pake kuti sandithandiza. Likadutsa Lachisanu la sabata yamawa, malo anga apatsa wina.

Lachisanu, 13 Juni

Kusungidwa kwake kuti? Ndimagona m'kachipinda ka katundu, pakati pa matayala akale ndi njinga yakufa. Sopo ndi wanga, shuga ndi wanga, zonse za ganyu yochapira anthu. Furiji alamu anaikapo loko, kiyi amayenda nayo m'chikwama. Ngati kusungidwa n'kumeneku, ndiye matayalawa nawonso ali ndi achimwene awo.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinawapeza achimwene akupukuta galimoto, ndinawapempha mwaulemu wonse. Akuti, "Ine ndikaime pagulu kunena kuti sindisunga mlongo wanga? Anthu aziti chiyani?" Ndinati aziti zoona. Anangopitiriza kupukuta galasi loyera kale. Kenako akuti pa msinkhu wangawu sukulu ya chiyani, chikundisowa n'chiyani pano.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chathuchi chikununkha.

Lachiwiri, 17 Juni

Sindinadye. Ndikangowaona achimwene ndi tayi yawo, ndimakankhira mbale kutali.

Lachitatu, 18 Juni

Kani alamu anamva zonse ali pa zenera la kukhitchini. Andipeza ndikuyanika zovala. "Ndiye mukapeza sukuluyo muzikagona konko?" Ndinati eya, malo ogona aliko. Maso awo anachita kuwala. "Nanenso ndine mwini nyumba. Mawa tipitira limodzi."

Chikhalire sananenepo mawu oti limodzi kwa ine.

Lachinayi, 19 Juni

Alamu anatchena ngati akukalandira mphoto, perefyumu mpaka kutsamwitsa. Zikhadabo anangofunsa kamodzi, iwo anatsegula mpopi wonse, mokweza.

"Awa? Sitiwapatsa kanthu awa. Ngakhale mchere. Akatenga ayironi ndimakazimitsa magetsi. Furiji ndimakiya, kiyi ndi iyi." Anaitulutsadi, n'kuigwedeza m'mwamba.

Ana a pa benchi anasiya kutafuna. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Bodza panalibe ngakhale limodzi, n'chimene chinandinyansa kwambiri. Zikhadabo anandiyang'ana kumaso koyamba, mwachifundo, ndipo chifundo chakecho chinandiwawa kuposa mwano uja. Anatayipa pang'ono ndi nsonga za zala.

"Mwalowa, mayi. Muyamba mwezi wamawa."

Potuluka alamu anali okondwa, mpaka kundigwira pa phewa. Akuti, "Mukamaliza mudzatikonzere furiji ija, yayamba kulira."

Ndinati ndidzabwera, koma ndidzayamba ndi kuchotsa loko.

Sanaseke. Ine ndinaseka ndekha mpaka pa siteji, misozi ili chuchuchu.