Lichero la amayi mu filimu yachinayi

Kamwala, Lusaka

Achimwene Fackson,

Kuno kwacha ndi mphepo yozizira ya Julaye, yongoulutsa fumbi ndi mapepala mumsewu. Tsopano ndi masana, kadzuwa kafunda pang'ono, ndipo ndakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira zovala kuti ndikulembereni.

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, bondo lija lasiya kuwawa? Alamu ndi ana ali bwanji? Ine ndili bwino, chimfine chokha ndi chomwe chinandigwira sabata yatha koma chapita. A Rukia, omwe ndimawagwirira ntchito, akupereka moni. Akuti mukapita ku Katete mukalonjere bambo awo kusitolo.

Mudabwa kuona kalata pomwe tonse tili ndi foni. Ndinakuyimbirani Lolemba, koma mwachizolowezi chanu munayika foni pa sipika muli pakati pa anthu kuholo yanu ya kanema. Ndinamva anthu akuseka kumbuyo kwanu, n'chifukwa chake ndinangofunsa za mbuzi n'kudula. Uthenga wolemba pafoni nawo sindiukhulupirira, poti foni yanu imayenda m'manja mwa aliyense wofuna kumvera nyimbo. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya memori kadi ija ndinakutumizirani Lachisanu kudzera kwa a Chipiliro, kondakitala wa basi. Munati muyamba kuonetsa mafilimu atsopanowo Loweruka lino, tsiku la msika. Ine ndinalakwa, ndinatumiza ndisanaonere. Bambo wogulitsa mafilimu kumsika kuno anayikamo anayi n'kundiuza kuti onse ndi abwino, ndipo poti ine sinditha kufunsa kawiri munthu wosamudziwa, ndinangothokoza. Mwamwayi anandiyikiranso omwewo mufoni yanga. Ndinaonera Lamulungu masana ndi Lolemba, pamodzi ndi a Rukia.

Filimu yachinayi musayionetse Loweruka. M'menemo muli amayi athu, ndipo awasandutsa mfiti.

Ndiyambe ndakuuzani za atatu enawo, mtima uyambe watsika.

Yoyamba ndi ya karate, ya anthu aku China. Imeneyi anyamata a kumsika ayikonda. Womasulira wake ndi wanthabwala kwambiri. Akuti mfumu ndi mng'ono wake akumenyanirana thumba la feteleza, ndipo mahatchi awo akuwatchula abulu aku Sinda. Ndinaseka mpaka a Rukia anafunsa ngati ndine Idah yemweyo amene sindimveka m'nyumba. Chokhacho chomwe sindinakonde n'chakuti munthuyu sapumula. Ngakhale pamaliro a mphunzitsi wa karate, anthu akulira, iye akupitiriza nthabwala. Maliro ndi maliro, ngakhale aku China. Komabe muyambe ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi yaku Nigeria, ndipo ndi yomwe yandikomera kuposa onse. Ndi ya mayi wosoka zovala amene mwamuna wake atamwalira, achibale a mwamunayo anabwera n'kutenga chilichonse, mpaka mabulangete. Iye anali atabisa makina osokera kwa mnzake, ndipo ndi makinawo analera ana atatu. Palibe ndewu, palibe zamatsenga. Imeneyi muyitanire azimayi a kutchalitchi, makamaka aja amati kanema amawononga ana. Chondikwiyitsa ndi anthu olemera a mufilimuyi, omwe amangoluma nkhuku kamodzi n'kuyamba kukangana, mbale n'kuyisiya yodzaza. Sindikudziwa ngati kuli anthu otero.

Yachitatu ndi yaku India. Ndi yabwino m'maso koma ndi yaitali, maola atatu. Mnyamata ndi mtsikana akafuna kuuzana mawu awiri, amathamangira kuphiri kukavina pamvula, ndipo palibe amene amadwala chimfine. A Rukia analira pamapeto. Ine ndinangoganiza za batire ya sola yanu, kuti ithera pakati anthu n'kuyamba kukukalipirani. Muyigawe pawiri, theka m'mawa, theka madzulo.

Tsopano yachinayi. Ndi yopangidwa kuno ku Zambia, m'Chinyanja cha m'tauni.

Mukukumbukira anyamata aja anabwera ndi galimoto yoyera chaka chatha, sabata ya mwambo wa Kulamba? Anachoka kumwamboko ku Mkaika n'kulowa m'mudzi mwathu ndi makamera, akuti akupanga kanema wophunzitsa ulimi wa soya. Ine ndinali patchuthi kumudzi. Anapeza amayi akupeta soya pabwalo pamodzi ndi a Zione oyandikana nafe. Anawapempha kuti akweze lichero m'mwamba, alitsitse, aligwedeze, kenaka ayang'ane kamera osamwetulira. Amayi anachita zonsezo kanayi kapena kasanu. Pomaliza anawauza kuti aseke kwambiri, ndipo amayi anaseka zenizeni, chifukwa a Zione anali atanena kuti akalamba akuyembekezera kutchuka. Anyamatawo anawadinditsa chala papepala, n'kuwasiyira shuga ndi sopo.

Achimwene, za soya mulibe ngakhale mawu amodzi. Ndi filimu ya mfiti imene imapha mwana wa mnansi wake.

Chithunzi achidetsa kuti chioneke ngati kulibe dzuwa, pomwe inali naini koloko m'mawa. A Zione awadula, sakuonekamo. Atsala amayi okha, akukweza lichero m'mwamba, ng'oma zoopsa zikulira. Kenaka akuonetsa lichero likuuluka pamwamba pa mitengo. Kuseka kuja kwa amayi akuyika pamene mwanayo watsirizika, ndipo mawu a munthu wina amene sitikumudziwa awalowetsa m'kamwa mwawo. Mwapang'onopang'ono kamera ikuyandikira nkhope yawo mpaka chipsera chija cha pachipumi chikuoneka.

Nkhokwe yathu ikuoneka. Mtengo wa mango wopindika uja ukuoneka. Chitenje chimene avala ndi chobiriwira chija ndinawagulira ndi malipiro anga oyamba. Palibe munthu wa kwathu amene angafunse kuti ameneyu ndani.

Nditaona ndinayimirira mwadzidzidzi. A Rukia anaganiza kuti ndachita mantha ndi mfitiyo, n'kuyamba kundiseka. Nditawauza kuti ndi mayi anga, anazimitsa kanema.

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Anthu a m'tauni muno amaonera zimenezi akudya mbuliwuli, akamaliza n'kuyiwala. Kwa iwo mayi wachikulire wa kum'mawa wogwira lichero ndi choopsezera ana basi. Sadziwa kuti kwathu lichero likatchulidwa pamodzi ndi dzina la munthu wamasiye, nkhani yake siithera pa kanema. Inu mukudziwa zimene zinachitikira a Nangondo a kutsidya kwa dambo zaka ziwiri zapitazo. Zinayamba ndi loto la munthu mmodzi, n'kuthera pogwetsa nyumba yawo, ndipo mpaka lero akukhala kwa mwana wawo ku Vubwi. Limenelo linali loto chabe. Nanga ichi chimene anthu adzaone ndi maso awo, pa kanema wanu, nkhope yayikulu ngati chitseko?

Musayiwalenso kuti mwana wa a Steven a kumpoto kwa nyumba yathu anamwalira m'mwezi wa Febuluwale. Kuchipatala anati ndi malungo, ndipo amayi ndi omwe anagona pamaliropo masiku atatu. Koma munthu wolira amafuna poloza chala. Sindikuwanenera zoipa a Steven. Ndikungonena kuti Loweruka lililonse amakhala pabenchi ya kutsogolo m'holo yanu.

Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka alendo awa katicheka ife.

Pamapeto a filimuyo alembapo nambala ya foni. Dzulo a Rukia anayimba. Anayankha mwamuna wa mawu osalala, ndipo anati iye alibe mlandu chifukwa agogowo anadinda chala. A Rukia atafunsa ngati anawawerengera pepalalo, iye anati kuwerengera anthu si ntchito yake. Anawonjezera kuti banja lathu liyenera kunyadira, poti nkhope ya mayi wa kumudzi yafika ku Lusaka konse, ndipo anthu akuyamikira kuti mfiti imeneyi ikuoneka yeniyeni.

Achimwene, inu mumandidziwa. Kusukulu aphunzitsi ankandiyimika kutsogolo kuti nditchule dzina langa, ine n'kumangolira. Koma dzulo ndinalanda foni m'manja mwa abwana anga. Ndinamufunsa munthuyo ngati mayi ake ali ndi lichero. Anati inde. Ndinamufunsa chimene amachita nalo. Anati amapetera mpunga. Ndiye ndinamufunsa chifukwa chimene anawonongera mafuta ulendo wonse wa ku Katete, pomwe mayi wogwira lichero anali naye kunyumba. Anadula foni. Titayimbanso sanayankhe. Pambuyo pake a Rukia anandipangira tiyi, zimene sizinachitikepo chiyambire ntchito.

Poyamba ndinafuna kukulemberani kuti mungoyifufuta, kadiyo muyiponye m'chimbudzi. Koma a Rukia anandikumbutsa kuti bambo uja wa kumsika amayika filimu yomweyi m'makadi a aliyense wopita kum'mawa. Mwezi uno usanathe ikhala ili m'mafoni a ku Katete ndi ku Sinda. Mwezi wa mawa Kulamba kukubweranso, anthu adzasonkhana ochokera mbali zonse, ndipo wina adzaloza amayi pamsika. Tikabisa ife, anthu adzati tinabisa chifukwa tikudziwa kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Filimuyi ionekere koyamba m'manja mwanu, koma osati Loweruka, pamene holo imadzaza ndi anthu omwe amwa kale. Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi, muyambe mwawaonetsa amayi ali m'nyumba, a Zione atakhala pambali pawo. Musawadzidzimutse, muyambe mwawafotokozera. Akakhazikika, muyitane amalume, akulu a mpingo, a Steven ndi akazi awo, ndi onse omwe anaunjikana pabwalo tsiku lija kuonerera makamera. Analipo ambiri, ena mpaka anakwera pangolo. Muonetse ulere, masana, zitseko zili zotsegula.

Ikafika pa lichero, muyimitse. A Zione ayimirire anene okha kuti anali pomwepo, phewa ndi phewa, ndipo kuti m'licheromo munali soya yemwe inu munakagulitsa ku Katete. Afotokozenso chimene chinawaseketsa amayi. Kenaka muwaonetse anthuwo kumunsi kwa chithunzi, dzanja lamanzere. Anyamatawo anayiwala kudula thadzi lathu lamawangamawanga, likuoneka likutola soya ndi anapiye ake. Aliyense akudziwa kuti nkhuku siyenda ndi anapiye usiku. Muyibwereze malo amenewo kawiri kapena katatu, mpaka wina aseke. Munthu mmodzi akangoseka, ndikhulupirira kuti nkhaniyo yatha mphamvu.

Ndikudziwa kuti zimenezi n'zolemera, ndipo inu simukonda kuyankhula pagulu pokhapokha mukulengeza filimu. Ndikanabwera ndekha, koma tchuthi changa ndi cha Disembala, ndipo nthawi imeneyo zikhala zitachedwa. Ngati ine ndinatha kuyankhula ndi munthu wa ku Lusaka wosamudziwa, inu simungalephere pamaso pa anthu omwe munakula nawo.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Chaka chonsechi, nthawi iliyonse ndikayimba foni, amayi amandifunsa ngati kanema wa soya uja watuluka. Amati ine ndili kutauni, ndiyamba ndine kuwaona. Mwezi watha anandiuza kuti akudandaula chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lija sanamange bwino duku. Anandipempha kuti ndikadzaona ndidzawauze zoona ngati anaoneka bwino.

Kalatayi ndiyipereka kwa a Chipiliro madzulo ano, anyamuka ndi basi ya m'mawa. Ndawauza kuti asasiyire munthu wina aliyense, akupatseni m'manja. Mukayilandira mundiyimbire, koma muyambe mwachoka m'holo, ndipo sipikayo muyizimitse.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Kwa a Zione mupereke moni wapadera, muwauze kuti ndikudalira pakamwa pawo paja timapadandaula. Kwa amayi musayambe ndi moni wanga, muyambe ndi kukhala nawo pansi.

Akadzafunsa ngati ndinawaona, muwauze kuti ndinawaona. Duku linali bwino. Ndabwereza malo amenewo kasanu, ndikuyang'ana manja awo okha. Mankhusu onse anapita ndi mphepo, soya yense anabwerera m'lichero, ndipo nkhuku ija inangotola zimene anagwetsa a Zione.

Ndamaliza kulemba lero Lachitatu, nthawi itangopitirira folo koloko madzulo.

Ine mlongo wanu,
Idah