Achimwene Asabirenso Pansi pa Nyanja

Chitawira, Blantyre
9 Julaye 2023

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Chembe. Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kwandikhaulitsa, ndipo madzi pampopi akumatuluka kawiri pa sabata.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndakuimbirani katatu sabata ino, koma mukangoyankha pakamwa pamandilemera, n'kuyamba kufunsa za nkhuku.

Ntchito yanga mukuidziwa. Timayenda m'makomo kufunsa za anthu amene anamwalira nthawi ya korona, ine n'kumalemba mayankho. Amayi, zimene tapeza zandiimitsa mutu. Kudera lina, m'kaundula wa omwalira ndi korona munali anthu anayi okha. Titalowa khomo ndi khomo tinapeza maliro oposa makumi atatu m'miyezi iwiri, onse odwala mofanana: chifuwa, kutentha thupi, kubanika. Abale awo anatiuza mosabisa kuti ankanena kuti ndi malungo, poopa kuti a zaumoyo akulunga thupi m'pulasitiki n'kukaliika osasambitsa, osaliimbira.

Pobwerera m'galimoto ndinkangoganiza za maliro a ababa. Si zomwezo tinachita ife ndi ababa? Ndipo amene anakuuzani kuti tizinena kuti ndi shuga ndine, mwana amene munamutumiza ku yunivesite. Ndinkafuna kwaya iwaimbire. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Koma chandilembetsa ndi cha amoyo. Pa anthu amene timawayendera panali bambo wina wakabaza wa ku Lunzu, wazaka 36, amene anadwala korona n'kudzuka. Anatiuza moseka kuti masiku ano akafika pachitunda amapempha kasitomala kuti atsike, ayende limodzi. Adokotala atamujambula m'chifuwa anapeza mapapo ali zipsera zokhazokha. Lachiwiri lapitali kunabwera mkazi wake, akuti bamboyo anatsika panjinga, anakhala pansi m'mbali mwa msewu, osadzukanso.

Zoti matendawa amatsalira m'thupi ndinaziwerengapo, koma ndinkaziyesa za kunja.

Mukumbuke zimene munandiuza pa Pasaka, mukuseka, kuti ukonde wa Che Iddi, eni boti aja, ukakodwa pamiyala, achimwene a Fletcher akumabira n'kuvuuka msangamsanga ali wefuwefu, mpaka anzawo a m'boti akumawanena kuti ukwati wawamaliza. Inenso ndinaseka. Koma amene ankawatembenuza ababa pamphasa ndi iwowo, ndipo atatha maliro anagona masabata awiri osamva ngakhale fungo la usipa pathandala. Wakabaza uja anali ndi pokhala mpweya utamuthera. Nanga munthu ali pansi pa madzi, manja ali mu ukonde, akhala pati?

Mwina ndikulakwitsa, sindine dokotala. Koma nditawafotokozera adokotala a kuntchito kwathu, nkhope yawo inasintha. Anati munthu wotere asabirenso mpaka atayezedwa, ndipo avomera kuwaona akabwera.

Pempho langa ndi limodzi. Ine achimwene sangandimvere. Adzati sukulu yandipatsa mantha, komanso akuopa kuti Che Iddi apeza wina m'malo mwawo. Inu amakumverani. Pano mwera ukuwomba, maboti ali kumtunda. Muwauze abwere kuno nyanja isanadekhe, ndipo muwamasule akauze adokotala chimene chinatenga ababa, ndi dzina lake lenileni. Ngati anthu kumudzi atinena, muwauze kuti bodzalo linali langa.

Akakana, chonde pitani nokha kwa Che Iddi, mukawapemphe asawatumenso pansi pa madzi. Ankawalemekeza ababa, sangakubwezeni.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mercy, kwa azakhali a Jestina ku Nkopola, kwa amalume ndi ana onse. Achimwene okha sindiwapatsa moni wa m'kalata. Wawowo ndikawapatsa ndekha, akutsika basi ku Wenela.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjana