Oyilo wa Thirakitala M'mabuleki a Mkamwini

Aphungu,

Ndikulemba nditatsamira galimoto yanga, yomwe yakhala pa njerwa magudumu onse anayi atachotsedwa. Sindine munthu wolembera nyuzipepala, ndipo zambiri zimene anthu amakudandaulirani zimangondiseketsa. Koma kumapeto kwa mwezi uno ankhoswe akhala pansi pa nkhani yanga, ndipo pamudzi pano palibe amene akundiyankha ngakhale moni.

Ndine mkamwini kuno kumapiri a Ntchisi, kwathu ndi ku Dowa. Mkazi wanga ndi Margareta, ndipo tili ndi ana aakazi awiri. Ndidaphunzira za makina kuyunivesite zaka ziwiri ndi theka. Zimene zidandichotsako si za m'nyuzipepala. Anzanga a m'kalasi lero ali m'maofesi ku Lilongwe, amayendetsedwa pa galimoto za boma, ndipo ena a iwo sadziwa ndi pothira madzi pomwe. Ine ndili ndi Landirova ya chaka cha 1962 imene ndidaigula pa esiteti ina itafa kale, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ndidaidzutsa ndi manja angawa. Injini ndidaimasula yonse ndi kuiyala pamphasa. Magasiketi otseka mipata ya m'injini ndimadula ndekha pa katoni. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, galimotoyi sidalowepo m'galaja ya munthu.

Pamudzi pano amanditcha Injiniya, ndipo amatero akutsinzinirana maso. Koma mvula ikagwa basi n'kumabwerera panjira, mayi wapakati akavutika, kapena mwana akakomoka ndi malungo, amagogoda pakhomo pa Injiniya yemweyo. Amayi akamapita kukavina kumsonkhano, a tcheyamani a chipani amangotumiza tsiku ndi ola, ndipo sindidachedwepo.

Mwezi wa Juni gudumu lakumbuyo lidayamba kudontha mafuta a mabuleki pang'onopang'ono. Ndidakwera basi kupita ku Lilongwe kukafuna malabala a m'silinda ya buleki, amene amatseka mafutawo kuti asadonthe. Masiku atatu ndidazungulira masitolo, aliyense akundiuza kuti katundu sakubwera chifukwa njira ya kudoko yavuta. Ndili komweko, a Gregorio, malume ake a mkazi wanga, adamwalira m'chipatala ku boma. Ine sindidamve. Mlamu wanga Enoki, yemwe adayendetsako thirakitala pa esiteti dzinja limodzi ndipo kuyambira pamenepo amayenda ngati woulutsa ndege, adapita kwa mlongo wake kukatenga makiyi. Margareta adamupatsa. Enoki adakatenga maliro, adafika nawo bwino, ndipo ine ndidabwerako chimanjamanja n'kupeza anthu akuchokera kumanda.

Ndidameza mawu. Maliro ndi maliro. Koma Enoki sindidamulankhule, nayenso sadandilankhule. Nditatsegula kachitini ka pa galimoto kothiramo mafuta a mabuleki ndidapeza kali kodzadza, ndipo mumtima ndidati bola munthuyu adaliona botolo langa la mafutawo limene ndimasunga pansi pa mpando.

Patapita masiku khumi ndidakweza apongozi anga, mkazi wanga, ana ndi fodya kupita kumsika. Pa chitsikira cha kumtsinje, pamene msewu umakhota pamwamba pa phompho, ndidaponda buleki ndipo phazi lidangomira mpaka pansi ngati ndaponda dzungu lowola. Ndidapopa, palibe. Mwayi wake ndidali pa giya yachiwiri. Ndidakoka handibuleki pang'onopang'ono kuti ingathyole chitsulo, kenaka ndidaigwetsera dala kumbali ya phiri, ikukhulana ndi dothi mpaka idaima pa chulu. Apongozi adathyoka dzanja. Mwana wamng'ono, Monika, adang'ambika pachipumi, ndipo mpaka lero akaona galimoto amakabisala kuseri kwa nkhokwe.

Tidaikoka ndi ng'ombe. Mawa lake ndidamasula magudumu. Aphungu, malabala amene amakhala aang'ono ndi olimba ngati chivindikiro cha botolo adali atatupa ngati mandasi, atafewa, akununkha oyilo wa thirakitala. Oyilo ndi mafuta a mabuleki ndi zinthu zodana. Oyilo amadya labala. Chenjezo lake lidalembedwa pachivindikiro pomwepo, kwa odziwa kuwerenga. Botolo langa ndidalipeza pansi pa mpando, losakhudzidwa.

Ndidafunsa Margareta. Adayang'ana pansi nati, "Achimwene adati mafuta ndi mafuta. Adati ndisakuuzeni chifukwa mumakalipa."

Tsiku limenelo anthu adali atadzadza pakhonde pa apongozi kudzawazonda. Ndidapitako malabala aja ali m'manja. Enoki adali pomwepo, akufotokozera anthu kuti ngoziyo idachitika chifukwa galimoto ndi yakalekale, mwini wake amangoimanga ndi mawaya. Ndidamumva ndi makutu angawa akuti, "Sukulu yosamaliza ndi choncho. Alamu athuwa adaphunzira kuliza injini, koma tsiku lophunzira mabuleki adali atawathamangitsa kale." Anthu adaseka, ndi amene ndidawanyamulirapo akazi awo kuchipatala omwe.

Ndidaponya malabalawo pamphasa. Adakagwera pamapazi pa apongozi, kumene sindidalinge. Ndidati, "Iwe dalaivala wa m'mizere, tawauza amako chimene udathira."

Iye adati, "Nanga maliro akadagona kuchipatala kudikira inu? Kachitini kadali pakati, ine ndidadzadzitsa. Bwenzi mukuthokoza."

Pamenepo ndidanena mawu amene lero akuwatcha mlandu. Ndidati, "Mtembo sukadathawa. Mudafuna kupha amoyo asanu chifukwa cha munthu mmodzi amene adali atatha kale ntchito." Apongozi adadziphimba kumaso ndi chitenje. Malemuwo adali mlongo wawo wa bere limodzi.

Tsopano nkhoswe ya kuchikazi yatumiza mawu. Akuti ndipite ndi nkhuku, ndikagwade pamaso pa mbumba yonse, ndipepese apongozi ndi Enoki yemwe. Ndikakana, ndinyamule bulangete langa ndi masipanala anga. Ana atsala, pakuti kuno ana ndi a kwa mayi. Margareta akukhala kwa mayi ake, akuti akuwasamalira dzanja. Chakudya amadzandisiyira pakhonde akaona kuti ndatsikira kudimba.

Za Enoki palibe akuzitchula. Onse akuti oyilo sangaphe galimoto, popeza galimoto imamwa oyilo tsiku ndi tsiku. Munthu wathira poizoni, wabisa, wathyola dzanja la mayi ake omubereka, ndiye nkhuku ichoke kwa ine? Zaka zonsezi ndanyamula odwala awo, chimanga chawo, akwati awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adandifunsapo kuti kodi alamu, chinthuchi chimagwira ntchito bwanji. Amangodziwa kukwera. Ndikagona pansi pa galimoto amati ndikuthawa khasu.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi munthu amapepesa chifukwa chonena zoona? Lachiwiri ndi ili. A Bulaza a kugalaja ya mishoni andipezera malabala atsopano. Koma potulutsa mpweya m'mabuleki pamafunika anthu awiri, wina pampando kupopa, wina pansi kutsegula ndi kutseka kanati kotulutsira mpweyawo. Zaka zonsezi wopopa adali Margareta. Ndinkati "popani", ndinkati "gwirani", iye n'kumavomera akusenda mtedza pamiyendo. Ngati pali njira yochitira ndekha, ndifunsireni kwa amakaniko a m'tauni, kuti ndiidzutse ndichoke pano asanandigwaditse pamaso pa munthu ngati Enoki.

A.L.K.,
Ntchisi.

Bambo A.L.K.,

Kalata yanu ndaiika patsogolo pa zinzake kuti yankho likupezeni ankhoswe asanakhale pansi. Ndafufutamo mayina a anzanu a m'maofesi ndi mizere itatu ya za kuyunivesite. Mtima ukadzatsika mudzandithokoza.

Ndiyambe ndi kukupatsani chanu. Mudapulumutsa anthu asanu pa chitsikira chija, ndipo zikuoneka kuti palibe wakuuzani zikomo. Ndikukuuzani ine. Enoki adalakwa kawiri: adathira chimene sachidziwa, kenaka adauza mlongo wake kuti abise. Kulakwa kwachiwiriku n'koipa kuposa koyamba, ndipo ndakwiya nako monga mwakwiyira inumu.

Tsopano zanu. Mudadziwa kuti gudumu likudontha. Mudauza yani musanakwere basi? Mutabwerako mudapeza kachitini kodontha kali kodzadza, ndipo kufunsa kuti "Alamu, mudathiramo chiyani?" kudakukanikani chifukwa simunkalankhulana. Funso limenelo likadakutengerani mphindi imodzi. M'malo mwake mudakweza ana anu. Ndiponso mkazi amene wakhala nanu zaka zonsezi akabisa chinthu chotere poopa kuti mukalipa, musamangoyang'ana wobisayo.

Mukufunsa ngati munthu amapepesa ponena zoona. Zoona zidali za oyilo. Za mtembo zija udali mwano, ndipo udakagwera mayi amene adangoika kumene mlongo wake m'manda, dzanja lili m'pulasitala. Mayiwo sadathire kanthu m'galimoto yanu. Adakwera chifukwa amakukhulupirirani.

Chitani izi. Musadikire tsiku la mlandu. Pitani kwa nkhoswe yanu ku Dowa sabata ino, mukafotokoze zonse, ndi mawu a mtembo omwe, osachepetsako. Mukapemphe kuti milandu ikhale iwiri. Nkhuku ya apongozi perekani, gwadani, ndipo pa kupepesa kwanu musalumikizepo "koma". Kwa Enoki pepesani "iwe" uja ndi kutchula mayi ake pagulu, zokhazo. Za oyilo simupepesa, koma woilankhula akhale nkhoswe yanu, inu mutatseka pakamwa. Ikani m'mbale labala lotupa ndi latsopano, ziyendere limodzi m'manja mwa akuluakulu. A Bulaza alembe kakalata konena zimene oyilo amachita ndi labala. Anthu akuti oyilo sangaphe galimoto chifukwa palibe adawaonetsapo, si kupusa ayi. Inu mudawaponyera umboni ngati mwala, ndipo mwala munthu sauyang'anitsitsa, amauzemba. Musapemphe kuti Enoki agwade. Pemphani kuti avomere pamaso pa mayi ake kuti chidapha mabuleki n'chimene adathira.

Za galimoto ndafunsa a Samueli, amene amakonza galimoto zonyamula nyuzipepala ino. Akuti musasinthe malabala a m'magudumu okha. A m'silinda yaikulu ndi mapaipi a labala omwe achoke, pakuti oyilo wafika monsemo. Mapaipi achitsulo mutsuke ndi sipiriti, osati palafini kapena petulo, ndipo muwaumitse ndi pampu ya njinga. Potulutsa mpweya muyambire gudumu lakutali. Njira ya munthu mmodzi akuti ilipo, ya kapaipi komiza m'botolo la mafuta, koma adaseka nati munthu wodula magasiketi pa katoni akuidziwa kalekale. Inenso ndikuganiza choncho. Simudandilembere chifukwa cha kanati. Mudandilembera chifukwa pampando palibe munthu.

Mlandu ukatha, mupemphe Margareta adzapope, kupempha osati kuitana. Enoki adzalowe nanu pansi pa galimoto, agwire botolo, aone ndi maso ake. Mumuonetse pothira ndi chothira, ndipo muchite zimenezi osatchula thirakitala. Galimoto imodzi pa midzi yonse ya kumapiriko siyenera kudziwidwa ndi mutu umodzi. Tsiku lina wonyamulidwa mudzakhala inu.

Pomaliza, machenjezo awiri. Musakweze munthu musanaiyese kangapo pamalo athyathyathya, itanyamula matumba. Ndipo musaitsitse pa njerwapo mlandu usanakambidwe. Anthu akamva injini ikulira sabata imeneyo adzati mkamwini wayankha kale, ndipo palibe adzatuluke kudzakuletsani. Landirova idzanyamula masipanala, bulangete ndi kukhoza kwanu konse pa ulendo umodzi. Kumbuyoko sikudzakhala mwana ndi mmodzi yemwe.

Aphungu.