Maina a mu Mpendero

Lolemba, 13 Meyi

Mwezi wachisanu ndi chiwiri m'shopu ya Mayi Prokop. Zaka zinayi kukoleji ya zosokasoka, digiri ili m'kabati, ine kufupikitsa mathalauza a madoda a mu Winnipeg. Lero kwabwera diresi la ukwati la Larysa Demkiw. Lakalekale, losuluka. Lamutalikira zala zinayi. Ukwati Loweruka. Mayi Prokop potuluka kupita kwa dokotala wa maso: "Renata, upinde, usoke pamanja. Sizasi ayi." Pamanja! Masiku awiri athunthu makina ali pompo? Ndadula m'munsi monse, mpendero wakale osaumasula n'komwe, ndasoka wina pa makina. Mphindi makumi anayi basi. Wowongoka ngati ndalemba ndi rula. Mawa aone okha kuti dziko linasintha.

Lachiwiri, 14 Meyi

Aona. Sanakalipe. Anangokhala pansi, pampando wa makasitomala umene sakhalapo. "Mwanawe, maina ali kuti?"

Maina atinso?

Anali m'kati mwa mpendero. Kwa a Demkiw, dzina la mkwatibwi amalisoka mayi ake ndi ulusi wabuluu n'kulipindira m'kati. Akazi anayi analivala diresili. Dzina lachisanu ndi la Larysa. Mayi ake, a Nadia, analisoka chaka chatha ali gone m'chipatala, Mayi Prokop atawagwirira nsalu. Patatha milungu iwiri anamwalira.

Ine liwiro kuthumba la zidutswa. Palibe. Amayi akutchalitchi analitenga dzulo, monga Lolemba lililonse, kukasokera zofunda za zigamba. Ndinawanyamulira ndekha mpaka kugalimoto, ndikumwetulira!

Sindinadye.

Lachitatu, 15 Meyi

Chipinda chapansi cha tchalitchi. Fungo la kabichi ndi anyezi. Amayi asanu ndi mmodzi, aliyense sizasi m'manja. Wamkulu wawo, Mayi Hrycak, kundiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Ndiwe wadigiri uja? Kusukulu kwanuko sanakuuzeni kuti nsalu ili ndi kuseri?" Onse kuseka. Nditatchula a Nadia, onse anaika sizasi pansi.

Nsalu ija anali ataidula kale tizigamba. Tinakhuthula matumba onse pansi, agogo amenewa atagwada nane. Paraska. Stefania. Olha. Nadia. Onse athunthu, Mulungu wanga. Koma la Larysa sizasi anapita pakati penipeni. Zilembo zitatu zoyamba tazipeza. Zinazo ayi. Mwina zinapita ndi zinyalala dzulo. Mayi Hrycak anapinda chigambacho ngati ukalistia, n'kundiika m'manja.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndalumikiza zigamba zonse pamanja. Ulusi wabuluu wofanana ndinaupeza m'dirowa. Zilembo zotsalazo ndasoka ndekha. Palibe angadziwe, ndikulumbira. Mayi Prokop anaziyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo odwalawo. "Zokongola. Koma Nadia manja ankanjenjemera. Akowa sanjenjemera." Kenako: "Larysa umuuza ndiwe kapena ine?"

Bola akanangondichotsa ntchito. Zikanapepuka.

Lachisanu, 17 Meyi

Larysa wabwera kudzayesa diresi, atanyamula makeke a tonse. Ndamuuza ndisanavule n'komwe tepi yoyezera m'khosi. Zonse, ndi za rula zomwe. Ndinkadikira mbama.

Iye kungoyang'ana nsalu ija. "Amayi anakwanitsa kusoka dzina langa? Ine ndimayesa sanafike."

Sankadziwa! A Nadia anapempha Mayi Prokop kuti asamuuze mpaka tsiku la ukwati. Larysa anakhala pansi pomwepo, pa simenti, chala chikuyenda pa zilembo zitatu zokhotakhota zija. Kuyenda, kubwerera. Zangazo sanazikhudze.

Podzuka: "Zakozo masula. Ndivala zimene amayi anasiya." Pakhomo anatembenuka. "Theka linalo unalitaya iweyo. Sindikuti ndakukhululukira. Sindikudziwa."

Makeke ali patebulo. Palibe wawakhudza.

Loweruka, 18 Meyi

M'mawa. Ndamasula zilembo zanga, zatsala timabowo ta singano. Mpendero ndikuupinda pamanja, mmene anandiuzira Lolemba. Pang'onopang'ono, chifukwa zala zikukana. Singano yandibaya kawiri. Mayi Prokop anayang'ana manja anga akunjenjemera, anangoti, "Eya," n'kupita kukateleka tiyi.

Kwatsala posoka potalika chikhatho chimodzi. Galimoto ya Larysa yaima panja