Mng'ono wanga amafufuza za khansa, ine ndikumubisira yanga

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana awiri. Makolo athu atamwalira, mng'ono wanga ndinamulera ndine, ndipo sukulu yake yonse inachokera pa mashini anga osokera. Lero ndi wasayansi, amafufuza mankhwala a khansa.

Tsiku lina ananditengera kulabotale kwawo, atavala gawuni yoyera imene ndinamusokera ndekha. Anandionetsa timabotolo tooneka ngati muli madzi chabe. Ndinamuseka: "Iwe, zaka zonse zija unkaphunzira kutunga madzi?"

"Achemwali, m'menemu muli timibulu tosaoneka ndi maso, tonyamula mankhwala m'magazi," anatero. "Kam'bulu kakachepa kwambiri, impso zimakataya mumkodzo. Kakakula, chiwindi chimakagwira panjira. Ife tikufunafuna kapakatikati, koti kalowe m'timipata ta mitsempha ya chotupa, kakatule mankhwala pomwepo osazunza thupi lonse."

Ankayankhula maso akuwala, akuluakulu a pantchitopo akugwedeza mitu. Ine misozi lengelenge, ndikuti kodi ndi kamwana kaja kankaopa jakisoni aka?

Tsopano wasankhidwa kukapitiriza kafukufukuyu kunja, anyamuka mwezi wamawa. Koma Aphungu, madokotala andipeza ndi khansa ya m'mawere. Akudziwa ndi amuna anga okha. Mwanayu ndimamudziwa, akangomva amasula sutikesi. Dzulo anandifunsa, "Mwaondatu, kwagwanji?" Ndinati ndi maoda a madiresi a ukwati. Ndimuuze, kapena apite kaye?

N.K., wa kuseri kwa siteshoni

A N.K.,

Ndikuwombereni m'manja kaye. Mwalera munthu, ndipo dziko lidzadya thukuta lanu.

Koma muuzeni sabata yomwe ino. Mwanayo waona kale kuti mwaonda, za madiresizo sanakhulupirire. Khalani naye pansi kunyumba, amuna anu ali pomwepo, osati pafoni.

Mukamapitanso kuchipatala, mutengeni. Chinenero cha madokotala amachimva, ndipo adzafunsa zimene inu simungazikumbukire mantha atakugwirani. Musanamuuze, konzani oti azikuperekezani kolandira mankhwala ndi oti azisamala ana, kuti aone kuti simukhala nokha. Kenako nenani mosapsatira kuti mtima wanu ukufuna apite. Akasankha kuchedwetsa ulendo, musamukalipire. Salinso mwana wa yunifolomu.

Chenjerani ndi ziwiri. Timabotolo take tija tidakali poyesedwa, musadikire timeneto, ndipo musamvere amalonda otsatsa mankhwala ozizwitsa. Yambani chithandizo chimene adokotala alemba, khansa sidikira munthu.

China ndi ichi: nkhani ngati iyi sibisika. Akadzaimva kwa achibale iye ali kale kunja, inu adzakukhululukirani msanga. Iye mwini ndiye sadzadzikhululukira.

Aphungu