Kamuvi pa foda ya Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, mutu wokha ndiye wazungulira. Ndikulemba pamanja chifukwa laputopu yanga andiletsa kuiyatsa.

Nkhani yake ili chonchi. Kushopu kumene ndimataipa ndi kusindikiza zikalata za anthu, abwana anagula makina atsopano osindikizira. Makinawo anakana kumvana ndi laputopu yanga imene ndimagwirira ntchito. Tinaitana wokonza makompyuta wa khomo loyandikana nafe, amene tonse timangomutcha Magalasi. Iye anati vuto n'lakuti yanga ndi ya 32 pomwe makinawo amafuna ya 64. Ndinamufunsa ngati sangangowonjezerapo 32 ina kuti zikwane. Anaseka mpaka kuvula magalasiwo, koma mpaka lero sanandiuze kuti 64 ameneyo ndi wa chiyani, zaka kapena makilo.

Anati kuisintha laputopuyo kuti ikhale ya 64 kuli ngati kusamuka, kungoti nyumba yakale amaigumula n'kumanga ina pamalo pomwepo. Zithunzi ndi zolemba ndi katundu, umanyamula. Mapulogalamu ali ngati mipope ya madzi, sunyamula, amaika ina. Anandipatsa fulashi kuti ndisamutsiremo zonse zimene sindikufuna kutaya, iye abwera masana.

Achimwene, ndinachita monga ndinamvera. Zonse zimene zimaoneka pagalasi ndikangoyatsa ndinazikokera mu fulashi. Pakati pake panali foda ya Bambo, ija ya mawu amene ndinawajambula kuchipatala asanatisiye, akutiimbira ndi kutilangiza mmodzimmodzi. Zinalowa m'kuphethira kwa diso, ine n'kumadzitama kuti ntchito ndaidziwa. Magalasi atafika anafunsa ngati ndamaliza, ndinavomera, basi iye n'kufufuta zonse za m'laputopumo.

Makina osindikizira anagwira bwinobwino, abwana kumwetulira. Koma nditati nditsegule foda ya Bambo, kompyuta inati chinthucho sichikupezeka. Dzina lilipo, chithunzi cha foda chilipo, polowera palibe. Magalasi anandionetsa kamuvi kakang'ono pakona pake, kamene ndakhala ndikukaona masiku onsewa n'kumayesa n'kokongoletsa. Akuti chokhala ndi kamuvi si foda, ndi chikwangwani chongoloza kumene foda ili. Ndiye kuti ndinasamutsa chikwangwani, katundu n'kumusiya m'nyumba yogumulidwa. Paja safunsa anadya phula.

Chondizunguza n'chakuti iye akuti zofufutidwa sizichokeratu, zimakhala pansi mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. Nanga ngati zilipo, bwanji osangozitulutsa? Ndikafunsa choncho amati mwina zilipo, mwina 64 wakhalapo kale. Akuti ayesa kumapeto kwa sabata, ine ndisayatse ngakhale pang'ono. Ndiye laputopu ili m'kabati nditaikulunga ndi thaulo, kuntchito ndikubwereka ya abwana. Kumukalipira ndikulephera, poti anandifunsa ndipo ndinavomera ndi pakamwa panga.

Pempho langa ndi limodzi. Foni yanga yakale yosweka galasi, imene ndinajambulira mawuwo, ndinasiyira ana anu kuti azisewera nayo. Chonde ifunefuneni, muone ngati kakhadi kake kakadalimo kuseri kwa batire. Mukakapeza musayese chilichonse, mungokasunga pabwino.

Ndili ndi mantha, achimwene. Amayi anandiimbira dzulo kundikumbutsa kuti ndikamabwera ndisaiwale kuwatengera amuna awo adzawamveko, ndipo ine ndinayankha kuti ndawasunga bwinobwino. Musawauze kaye.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Kamtsikana kanu kaja kokonda kumasula zinthu ndiko muyambe kukafunsa, ndipo mukafunse mofatsa.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa Bambo